Kamuvi Koyenda Kokha

Mausi ija inachita kusankha nthawi yofera. Uthenga wa Wamawaya unali mbee pasikirini, mawu oti "Ndakusowa, mtima wanga," ndipo nsapato za achimwene zinali zikumveka kale m'kakhonde, go! go! go! Mzime anakankha mausi kuti atseke tsambalo, koma kamuvi sikanasunthe. Anaigwedeza, anaimenyetsa patebulo, anaidina kawiri katatu. Ayi ndithu, kamuvi kanangoti chilili pakati pa sikirini.

Chitseko chikutseguka chonchi, chala chake chinathamangira kabatani kozimitsira sikirini. Panada bii.

"Wazimitsiranji?" anafunsa achimwene, mapepala ali m'manja.

"Maso akundiwawa, achimwene."

"Maso? Msinkhu wakowu? Yatsa, ndikuonetse pofunika kukonza m'makalata a madalaivalawa."

Abale inu, mwana wamkazi analoza mausi.

"Mausi yafa, achimwene. Ngakhale ndiyatse, sitikonza kalikonse."

Achimwene anainyamula mausiyo, anaitembenuza, anaona kamoto kofiira kakuyaka pansi pake. "Yafa bwanji ikuyaka chonchi?" Anaibweza patebulo n'kutambasula dzanja kulunjika pa kabatani kaja. Mzime anatsinzina. Nthawi yomweyo foni inalira m'thumba la achimwene: lole ina inali itaphulika matayala awiri panjira, katundu wa eni ake ali pamtetete. Anatuluka akukalipa pafoni, mapepala aja atawaponya patebulo.

Mzime anadikira mphindi zingapo. Atayatsanso sikirini, anapeza kamuvi kakuyenda bwinobwino ngati sikanalakwe kanthu.

* * *

Ndikuuzeni pang'ono za mtsikanayu kuti mumvetse mantha ake. Kwawo anabadwa asanu ndi mmodzi, iye womaliza, ndipo dzina loti Mzime linamukanirira mpaka kuntchito. Chimwalirireni bambo awo, achimwene aakulu ndiwo anali bambo, anali bwana, analinso woweruza. Anali ndi malole asanu ndi kaofesi ka zipinda zitatu pamwamba pa galaja, pansi pake pali matabwa. Mzime ankalemba makalata ndi kusunga mafayilo a madalaivala m'kachipinda kapakati, ndipo akamatuluka ngakhale kupita kukamwa madzi ankakhoma chitseko, chifukwa limenelo linali lamulo la achimwene.

Wamawaya anali mnyamata wokonza makompyuta, wa kachipinda kopanikiza pansi pa masitepe a nyumba ina yamasitolo. Ankabwera Lachinayi lililonse kudzapukuta fumbi m'makina. Fumbi linatha, koma iye sanasiye kubwera. Miyezi iwiri yapitayo achimwene anawapeza awiriwo atagwirana manja kuseri kwa galaja. Tsiku lomwelo Wamawaya anathamangitsidwa ngati galu wakuba mazira, foni ya Mzime inalandidwa, ndipo achimwene analumbira pamaso pa amayi:

"Mlongo wanga sangakwatiwe ndi munthu wogona ndi mawaya pansi pa masitepe. Ndikadzangomvanso kuti mukuyankhulana, ukukwera lole yam'mawa wa kwa azakhali. Ndatha ine."

Kwa azakhali kunali ulendo wa masiku awiri, kufamu yopanda netiweki. Msuweni wawo wina anatumizidwako chifukwa cha nkhani ngati yomweyi, anabwerako patatha zaka zitatu ali mkazi wa mdala wina wa imvi, mwana kumsana wina m'manja. Ndipo achimwene sanali munthu wolumbira kawiri.

Njira imodzi yokha inatsala: tsamba la macheza pakompyuta ya kuofesi. Chikondi chonse cha anthu awiriwa chinkadutsa pa kawindo kameneko, ndipo chotchinjiriza chake chinali chimodzi, kutseka msanga nsapato zikamveka. Tsono mausi ikayamba misala, munthu uthawira kuti?

* * *

Achimwene atanyamuka kukaona lole ija, Mzime anayamba kulemba. Mwayi wake kiyibodi inali ya chingwe, sinkavuta.

"Ndatsala pang'ono kufa lero. Mausi inaima uthenga wako uli poyera, achimwene ali pakhomo."

"Mayo ine! Aona?" anayankha Wamawaya.

"Akanaona bwenzi ndikulongedza zovala. Yayamba Lolemba. Imayenda, kenako imangoima, kenako imadzukanso yokha."

"Usaope. Nthenda yaing'ono imeneyo. Itembenuze, pansi pali kaswichi. Zimitsa, uwerenge mpaka teni, uyatsenso."

Anachita. Kamuvi kanayenda pang'ono. Dalaivala wina anakwera masitepe kudzasiya makiyi, kamuvi kanaimanso.

"Yafanso."

"Tebulo lako lija ndi lonyezimira. Yala pepala loyera pansi pake. Ndipo ngati pali chitsulo chilichonse pafupi, kapu kaya sitepula, sendeza."

Anayala pepala, anasendeza kapu, anasendeza sitepula, anasendeza ngakhale chithunzi cha malemu bambo ake. Palibe chinasintha.

"Ndiye ndi batire," analemba Wamawaya. "Unasintha liti?"

"Kodi imasinthidwa?"

"Iwe mkazi iwe! Umaganiza kuti imadya chiyani, mpweya?"

Mzime anaseka. Anacheuka. Kumbuyo kwake kunali galasi lalikulu lolekanitsa chipinda chake ndi malo ofikira alendo, ndipo kuseri kwa galasilo kunkakhala mtsikana wolandira alendo, amene madalaivala anamupatsa dzina loti Zikhadabo. Zikhadabo zakezo zinali zazitali, zofiira psuu, moti polemba ankachita kujompha mabatani ngati nkhuku. Nthawi imeneyo anali akuzipala, mutu uli pansi. Anadzutsa maso n'kumwetulira. Mzime anamwetuliranso.

"Mawa ndipempha kukagula batire," analemba mofulumira. "Sitolo ya zolembera ija, hafu pasiti thwelofu."

"Ndikakhala nditafika kale. Pakali pano phunzira ichi: ikaima, gwira batani loyandikana ndi lalitali lija kumanzere, udine F4. Tsamba litsekeka popanda mausi."

Anayeserera kasanu mpaka zala zinazolowera.

* * *

Mawa lake Mzime anamupeza Wamawaya pakati pa mashelefu a mapepala, akunamizira kuwerenga katoni ya inki, kasikuludalaiva kali m'thumba la malaya monga mwa masiku onse. Anali atawonda. Mzime anaima chomufulatira, akunamizira kusankha maenvelopu, chifukwa madalaivala a achimwene anali ndi maso m'tauni yonse.

"Wawonda," ananong'ona.

"Ndidya bwanji iwe ndisakukuona?"

"Usandiseketse, ndili ndi mantha ine. Mausi imene ija ili ndi mzimu. Ukudziwa kuti imafa achimwene akamabwera? Dzulo katatu konse. Ndikangomva go go go, yaima. Ngati amachita kuituma."

Wamawaya anasiya katoni ija. "Akamabwera basi?"

"Ngakhale dalaivala akamakwera masitepe. Ngakhale chitseko chikamenyetsedwa."

"Mmm. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Yamba wasintha batire. Zikakanika, ukakoke bokosi la kompyuta pansi pa tebulo, ukaone kumbuyo kwake. Kuli kapulagi kakang'ono ngati chikhadabo cha chala chachikulu. Ndi kamene kamamva mausi ikamayankhula. Ukandiuze kali pabowo liti."

"Wati chikhadabo wandikumbutsa. Mnzako uja masiku ano akumandimwetulira kwambiri."

"Mnzanga uti?"

"Usadzipusitse. Si paja munkamwera limodzi zoziziritsa kukhosi ine ndisanayambe ntchito?"

"Kamodzi kokha, Mzime, kamodzi! Ndipo anachita kundikoka malaya. Chichokereni paofesi paja sindinamuonepo ngakhale chithunzithunzi chake."

"Lumbira."

"Pali amayi anga."

Dzanja lake linadutsa pansi pa shelefu n'kugwira zala za Mzime. Zinali zozizira ngati zachokera m'madzi. Anagwirana choncho mphindi imodzi, wina kuyang'ana inki wina maenvelopu. Kenako pakhomo panadutsa munthu wovala ovolosi yabuluu ngati ya kugalaja, ndipo Mzime analanditsa dzanja lake, analipira mabatire awiri n'kutuluka osacheuka. Munthu wa ovolosi uja sanali wa achimwene n'komwe.

* * *

Batire latsopano silinathandize. Lachinayi m'mawa mausi inafa kanayi. Koma chimene chinamuimitsa tsitsi chinachitika cha m'ma leveni.

Anali atapinda manja pachifuwa, akuwerenganso kalata imene anali atangomaliza. Mausi inali payokha papepala paja, palibe woikhudza. Kamuvi kananjenjemera. Kenako kanayenda. Kanatsetsereka pang'onopang'ono kupita kumanzere, kanaima, kanalumphira m'mwamba, kanatsikanso mpaka pansi pa sikirini, pafupi penipeni ndi pamene tsamba la macheza linabisala.

Mzime anakankha mpando kubwerera m'mbuyo. Anainyamula mausi m'mwamba, anaizimitsa ndi kaswichi kaja, anachotsamo ngakhale batire. Kamuvi kanayendabe.

Inu, munthu amene sanaonepo zimenezi akhoza kuseka. Koma taganizani muli nokha m'chipinda, chinsinsi chimene chingakuthamangitseni kwanu chili m'makina, ndiye makinawo ayambe kuyenda okha kulunjika pachinsinsi pomwepo. Mzime anapemphera mapemphero onse amene ankawadziwa. Kamuvi kataima, anabwezera batire n'kutsegula tsamba.

"Kakuyenda kokha. Ndachotsa batire koma kakuyendabe. Achimwene aikamo chinthu chondizonda. Kapena ndi zamatsenga. Ndikuopa, ndikuopa."

"Pumira kaye m'mwamba. Achimwene ako ali kuti?"

"Ali pansi kugalaja."

"Koka bokosi lija tsopano."

Anagwada pansi pa tebulo, siketi yake yoyera ikukolopa fumbi, n'kukoka bokosilo. Kumbuyo kunali zingwe zopiringizana ndi akangaude. Anaunika ndi katochi ka pa makiyi. Anadzuka n'kulemba:

"Ndakaona. Kali pabowo la kumanzere."

"Sizingatheke. Bowo la kumanzere ndi logwedera, ndinawauza kalekale achimwene ako. Munthu akaponda mwamphamvu matabwa amagwedezeka, chilichonse chili pabowo limenelo chimaduka. N'chifukwa chake imafa akamabwera, si mzimu ayi, ndi kulemera kwa achimwene ako. Koma ine kapulagi kako ndinakasomeka ndekha kumanja. Wakasuntha ndani?"

Mzime anagwadanso. Anayang'ana kumanja.

"Kumanja kulinso kena. Timapulagi tilipo tiwiri."

Tidontho tosonyeza kuti munthu akulemba tinaoneka, tinazimiririka, tinaonekanso.

"Kenako ndi kooneka bwanji?"

"Kakuda, kamutu kofiira."

Panapita mphindi yathunthu osayankha. Wamawaya, munthu woyankha uthenga usanafike n'komwe!

"Uli pomwepo?"

"Ndilipo. Tamvera. Kapulagi kachiwiri ndiye kuti pali mausi yachiwiri, ndipo ili pafupi, siingapitirire mamita khumi kuchokera pamene wakhalapo. Usakazule. Usauze munthu. Tikumane mawa ndikufotokozere."

"Undifotokozere chiyani? Ukudziwapo kanthu?"

"Mawa, mtima wanga. Chonde."

* * *

Mamita khumi. Mzime anakhala tsonga pampando, msana ukumuyabwa ngati pali maso akumuboola. Chipinda cha achimwene chinali chokhoma, mwini wake ali pansi. Kunatsala mbali imodzi yokha. Sanayerekeze kucheuka. Anatenga kagalasi kake kodziyang'anira, anakatsamiritsa pa sitepula ngati akufuna kukonza nsidze, n'kukapendeketsa mpaka kanaonetsa kuseri kwa galasi lalikulu lija.

Zikhadabo anali pafoni ya ofesi, manja onse ali poyera, palibe mausi ina iliyonse patebulo pake kupatula yake ya chingwe. Mzime anadikira. Ola linatha. Kamuvi kanali phee.

Itakwana wani koloko, Zikhadabo ananyamula chikwama chake chachikulu chofiirira, anachiika pamiyendo n'kuyamba kufufuzamo, kaya ankafuna mafuta opaka milomo kaya chiyani. Pasikirini kamuvi kanadzidzimuka. Dzanja likavundula m'chikwama, kamuvi kankathamanga uku ndi uku. Dzanja litatuluka, kamuvi kanaima.

Basi, nkhani yonse inamveka. Loweruka lapitalo kunabwera anthu opopera mankhwala a mphemvu, ndipo achimwene anasiya makiyi a zipinda zonse kwa wolandira alendo. Mkaziyo analowa, anazula kapulagi ka Mzime pabowo labwino, anasomekapo kake, kenako ka Mzime anangokabaya pabowo limene linatsala. Chiyambire Lolemba, Mzime akakhoma chitseko kupita kukadya, sikirini inkatsala yoyaka moyang'anana ndi galasi, ndipo munthu ankatha kutsegula tsamba lililonse ali chikhalire pampando wake. Analakwitsa chinthu chimodzi chokha mwana wa eni ake: lero anaiwala kuzimitsa mausi yake poiponya m'chikwama.

Mantha a mizimu anachoka, koma amene analowa m'malo mwake anali oposa. Mzimu suyankhula ndi achimwene. Zikhadabo amayankhula nawo m'mawa uliwonse popereka tiyi.

* * *

Cha m'ma folo, achimwene anaitana Zikhadabo kuti atsikire kugalaja ndi buku la alendo. Chikwama chinatsala pampando. Mzime sanaganize kawiri. Anatuluka monyang'ama, anatsegula zipi, anapisa dzanja pakati pa mafuta, zipeso ndi timapepala, mpaka anakhudza chinthu chosalala. Inali mausi yaing'ono yakuda, ya mzere wofiira pamsana.

Anaitembenuza kuti aizimitse, ndipo mpamene anaona. Pansi pake panamatidwa katepi koyera, kolembedwa tsiku ndi bolopeni. Wamawaya ankachita zimenezi pa chinthu chilichonse chotuluka m'kachipinda kake, kuti chikawonongeka adziwe kuti chinachoka liti. Dzanja lake Mzime akanalizindikira ngakhale mumdima, naini wake wopindika mchira ngati mbedza. Tsikulo linali Lamulungu, masabata awiri apitawo. Lolemba lake Wamawaya anamulembera kuti Lamulungu lonse anali kuchipatala ndi amayi ake, ndipo Mzime anasala chakudya chamasana kuwapempherera.

"Mwapeza chimene mumafuna, achemwali?"

Mausi inatsala pang'ono kugwa. Zikhadabo anali atatsamira chitseko, buku lili kukhwapa, akumwetulira kumwetulira kuja.

"Mlongo wa abwana kupisa m'zikwama za antchito. Koma ndiye kunja kuno kuli zinthu."

"Unalowa m'chipinda changa," anatero Mzime. Ankafuna kuti mawu amveke aukali, koma anatuluka ngati a mwana.

"Ndinalowa, nanga n'kukana? Ndipo ndawerenga zonse. 'Mtima wanga, mtima wanga.' Mpaka kusitolo ya zolembera, hafu pasiti thwelofu. Foni yangayi imakoka zinthu zakutali bwino kwambiri, galasi silitchinga kanthu." Anaitulutsa foniyo, anayendetsa chikhadabo pasikirini. Zithunzi zinadutsa, tsamba ndi tsamba, mawu onse ooneka bwinobwino. "Makumi anayi ndi zitatu. Abwana akhoza kuwerenga mpaka tiyi kuzizira."

Mzime anabwerera m'mbuyo. Anagwira m'mphepete mwa tebulo.

"Ndakulakwira chiyani ine?"

"Mwandilakwira chiyani? Ine ndinamuona poyamba munthu uja. Zaka ziwiri ndikumuwiritsira tiyi Lachinayi lililonse, ndikumusungira mabisiketi a alendo. Inu kungobwera ndi unamwali wanu wa kwa abwana, basi mwatola. Muli ndi malole asanu kwanu, simungandisiyireko wa pansi pa masitepe yemweyo?"

"Mausi iyi unaitenga kuti?"

Zikhadabo anaseka chapansipansi. "Mwaliona dzanja lake eti? Sindinagule ine. Anabweretsa yekha kunyumba kwanga, Lamulungu masana. Anakhala pampando wanga, anamwa madzi m'kapu yanga, n'kundionetsa mmene kapulagi kamalowera. Mwamuna wodekha pophunzitsa, inunso mukudziwa."

"Ukunama."

"Mufunseni. Muli nayo njira yomufunsira, si apo?" Analoza kompyuta ndi chikhadabo. Kenako kumwetulira kunachoka. "Tamverani, achemwali, ine sindikufuna kuti mupite kwa azakhali anu. Ndilibe nanu chifukwa. Abwana akwera kuno faifi koloko kudzatseka. Isanakwane nthawi imeneyo mumulembere kuti zatha, asadzakuyankhuleninso, ndipo ine ndikhala ndikuwerenga pagalasipa. Mukatero zithunzi izi zifera m'foni muno. Mukapanda kutero, foni iyi ndiipereka m'manja mwawo pamodzi ndi makiyi. Bweretsani mausi yangayo."

Mzime anaipereka. Manja ake anachita okha, iye osawatuma.

* * *

Analowa m'chipinda chake n'kukhala pansi. Wotchi yapakhoma inkati kwatsala mphindi makumi awiri ndi zisanu. Pansi kugalaja mawu a achimwene ankamveka akukalipira makaniko, ndipo lole yonyamuka m'mawa inali italowa kale m'bwalo, akuimanga tenti. Mzime anaiyang'ana pawindo, anaona mpando wa kutsogolo pafupi ndi dalaivala.

Akamusiya Wamawaya, atsala pakhomo, pafupi ndi amayi, koma mtima udzakhala wa ntchito yanji? Akakana, mawa nthawi ngati ino adzakhala ali pakati pa ulendo. Akanalolera kukwera loleyo, inde akanalolera, bola akanadziwa kuti munthu amene akumuvutikirayo ndi woona. Dzulo lomweli analumbira pali amayi ake. Amayi omwewo a kuchipatala!

Anatsegula tsamba. Uthenga unali ukumudikira kale.

"Uli bwanji? Sunakhudze kanthu eti? Ndikudera nkhawa."

Misozi inagwera pakiyibodi. Anapukuta ndi chikhatho n'kulemba, osacheuka, akudziwa bwino lomwe kuti kumbuyo kuli maso.

"Mausi ndaipeza. Ili ndi tepi yako ndi dzanja lako. Ali ndi zithunzi za mauthenga athu onse ndipo faifi koloko akupereka kwa achimwene ndikapanda kukusiya. Ndikufunsa kamodzi kokha, ndipo yankho lako ndi limene lindiuze chochita. Lamulungu lija unali kuchipatala kapena unali kwa Zikhadabo?"

Anatumiza. Tidontho tinaoneka. Tinazimiririka. Tinaonekanso, tinavina nthawi yaitali ngati munthu akulemba kalata yonse, kenako tinazimiririkanso. Mzime analuma chala mpaka chinachita dzanzi. Kunatsala mphindi khumi ndi zisanu. Mphindi khumi ndi ziwiri. Kugalaja anayamba kukoka zitseko zachitsulo.

"Yankha!" analemba. "Mulungu wanga, yankha!"

Yankho linabwera lalifupi.

"Usamvere zonse zimene akunena. Pali chifukwa chake, ndipo sindingachilembe pano iye akuwerenga. Koma sindikunamizanso. Kuchipatala sindinapite. Ndinali kwawo."

Mzime anawerenga kawiri. Kumbuyo kwake chikhadabo chinagogoda pagalasi, ko! ko! ko! Ndipo pansi pa masitepe, nsapato za achimwene zinaponda thabwa loyamba.